Khala la pa Mphuno

Unkhoswe ine sindinaupemphe ayi, anachita kundiveka. Tarsizio ndi Felista atafuna kumanga banja kuno ku Dublin, kunalibe malume, kunalibe mchimwene, ndiye anthu anayang'ana uku ndi uku n'kupeza kuti ine Luka kwathu ndi ku Ntcheu ngati mkwati, komanso ndili ndi suti. Basi, nkhoswe. Ndinavomera poganiza kuti ntchito yake ndi kudya nkhuku ndi kujambulitsa. Mphuno salota, abale. Ndikanadziwa kuti ndidzayenda m'chisanu kukakamba mlandu wa mphuno yeniyeniyo, suti ija ndikanaibwereketsa.

Zinayamba mu 2010, chuma cha Ireland chitagwa chagada. Tarsizio ankagwira ntchito kumene amamanga nyumba, kunyamula mabolodi ndi matumba a simenti. Tsiku lina kampani inangokhoma geti, nyumba zili theka, mawindo opanda magalasi. Mnzangayo anabwerera kunyumba ku Clondalkin atanyamula helemeti m'manja, akuimba mluzu ngati palibe chachitika. Pa ntchito panatsala Felista yekha, wosamalira odwala ku chipatala chachikulu chija cha ku St James's. Ankatuluka kusanache n'kubwera miyendo itatupa.

Ku parishi kwathu kunali Bambo Gerard, wansembe wokalamba wa konkuno, amene anakhalitsa ku Malawi mpaka Chichewa chinawalowa m'mafupa. Ataona kuti azibambo ochotsedwa ntchito akuthera m'mashopu a juga, anatsegula kalasi ya Baibulo mu holo ya parishi Lachitatu m'mawa. Tisanamizane, ambiri ankatsatira hita ndi mabisiketi. Ine ndinapitako kamodzi kokha ndili pa ofu, ndipo tsoka langa linali lakuti ndi tsiku lomwelo limene matendawa anamugwira Tarsizio.

Abambo analemba pa bolodi tizilembo titatu tokhotakhota.

"Awa ndi mawu a Chiheberi, timawerenga kuchokera kumanja," anatero. "Amati *khara*. Ndiye kuti kuyaka, kupsa. Koma si kupsa kwa nyumba kapena kwa ndiwo, zimenezo zili ndi mawu akeake. Uku ndi kupsa kwa munthu akakwiya. Inu Achewa mumati munthu wapsa chiyani?"

"Mtima!" tinayankha, mabisiketi ali m'kamwa.

"Aheberi amati wapsa mphuno."

Tinaseka. Iwo anapitiriza kuti Mose atatsika m'phiri n'kupeza anthu akuvinira mwana wa ng'ombe, Chiheberi chimati mphuno yake inayaka, n'kuphwanya miyala ija. Balamu mphuno inamuyakira bulu wake, n'kuyamba kumukwapula. Yakobo nayenso mphuno inamuyakira mkazi wake Rakele. Ndipo pamene ife timati Mulungu ndi wosakwiya msanga, iwo amati ndi wa mphuno zazitali.

"Kapena moto umazima usanafike kunsonga," anatero Abambo, akuseka nthabwala yawo yomwe.

Tarsizio sanaseke. Anali atatong'ola maso, bisiketi itagwera mu tiyi.

"Abambo, mwati *khala*?"

"*Khara*, mwana wanga."

"Eya, khala! Khala la moto! Ndiye kuti ife ndi Aheberi ndife amodzi!"

Abambo anayesa kumuuza kuti mawu angofanana, nanga m'Chiheberi *r* ndi *l* si zilembo ziwiri zosiyana? Koma kuuza munthu wa ku Ntcheu kuti *r* ndi *l* n'zosiyana n'kutaya malovu. Potuluka anandigwira mkono.

"Achimwene, takhala tikulakwitsa zaka zonsezi. Munthu akakwiya timati gwira mtima, mtima pansi, mtima m'malo. Tikuthira madzi kuchipinda pamene moto uli pakhonde! Khala lili pa mphuno."

Ndinamuuza kuti apite akagone.

M'malo mogona anayamba kuwerenga mphuno za anthu. Mukumbuke kuti dzinja la chaka chimenecho linali loopsa, sinowo mpaka m'mawondo, ndipo mzungu akazizidwa mphuno imachita psuu. Kwa Tarsizio umenewo unali umboni. Ankandiimbira foni ali m'basi, akunong'ona.

"Achimwene, basi yonse yayaka. Dalaivala yemwe. Mabanki awapsetsa anthuwa, kuchitika zoopsa kuno."

"Ndi chisanu, iwe."

"Pa mzere wa ofuna ntchito ndiye musanene. Makala okhaokha."

Zikanathera m'basi momwemo bwenzi ndikungoseka mpaka lero. Koma anapita nazo kunyumba. Zinazi anandifotokozera Felista mwini wake, pa foni.

Madzulo ena alamu angawo anafika atatopa, n'kupeza nkhuku ikadali mufiriji, mbale zili mbwee musinki, ndipo imeshoni yasiyidwa yoyaka kuyambira m'mawa. Kwa amene simunakhaleko kuno, imeshoni ndi kaswichi kotenthetsera madzi osamba, kamameza magetsi moti Aairishi amakaopa kuposa satana. Felista anayamba kulankhula, monga munthu aliyense akanalankhulira. Tarsizio sanapepese, sanakane. Anayandikira mwaulemu, n'kuika chala pansonga ya mphuno ya mkazi wake, ngati mmene timayesera ayironi.

"Yafunda," anatero. "Amayi, limeneli ndi khala. M'Chiheberi..."

"Khala ameneyo musandiphunzitse, ndikumudziwa," anayankha Felista. "Ndi amene mukuchita inuyo chichotsedwereni ntchito. Kungokhala."

Mawu amenewo akanandigwera ine, ndikanasowa mtendere sabata yathunthu. Tarsizio akuti anaomba m'manja. "Mwaona! Tanthauzo lachitatu! Ndikawauza Abambo Lachitatu."

Ulendo wachiwiri mkangano unali wa makina ochapira, mmene bambowo anaphatikiza yunifomu yoyera ya mkazi wake ndi masokosi ofiira. Felista atakweza mawu, Tarsizio anathamangira kukhitchini. Alamu anaganiza kuti kapena wachita manyazi, wapita kukawapangira tiyi. Anabwerako ndi paketi ya nsawawa zouma gwa za mufiriji, n'kuwagunditsa pamphuno.

"Gwirani pamenepo, zizima pompano."

Paketiyo inauluka, moti nsawawa zija akuti anazitola mpaka kuseri kwa wailesi yakanema.

Ndinamuitana mnzangayo monga nkhoswe, ndinamukhazika pansi. Ndinamuuza kuti mkazi amene wakhala tsiku lonse akutembenuza odwala safuna nsawawa pamphuno, amafuna kuzipeza zili mumphika. Anandimvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu, maso ali pankhope panga. Ndinaganiza kuti mawu akulowa. Kenako ndinazindikira kuti sakuyang'ana ine, akuyang'ana mphuno yanga.

"Nanunso yayamba," anatero.

Ndinatuluka ndisanachimwe.

Chimake chinachitika pa Misa ya Chichewa imene tinkakhala nayo kamodzi pamwezi. Tsiku limenelo tchalitchi chinadzaza, Amalawi ochokera mbali zonse za Dublin, ndi anzathu a ku Zambia omwe. Itafika nthawi ya mapemphero a akhristu, anthu ankaimirira mmodzimmodzi, wina kupempherera odwala, wina ofuna ntchito, wina mapepala ake. Ndinangoona Tarsizio wadzuka.

"Tipempherere mayi a kunyumba kwanga, a Felista," anayamba ndi mawu okoma, a munthu woopa Mulungu. "Inu Ambuye amene muli ndi mphuno zazitali, yang'anani kamphuno kawo kafupikafupi, kosachedwa kuyaka. Atalikitseni mphuno, Ambuye. Tipemphe Ambuye."

Ndipo anthu, poti pakamwa panazolowera, theka la tchalitchi linayankha kuti, "Timvereni Ambuye."

Kenako mawu aja anafika m'mitu. Amayi a kwaya anayamba kugwedezeka mapewa. Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaphulika. Bambo Gerard anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, ndipo sindikhulupirira kuti ankapemphera. Choipitsitsa n'chakuti aliyense, ine ndemwe, anatembenuka kuyang'ana mphuno ya Felista. Ndi mphuno yabwinobwino, yokhala pamalo pake. Koma mphuno iliyonse ikayang'anidwa ndi tchalitchi chonse imaoneka yokayikitsa.

Felista anaimirira. Anatola chikwama chake, anagwada pang'ono moyang'ana kuguwa monga mwa mwambo, n'kutuluka. Pofika madzulo anali atalongedza sutikesi, wapita ku Ongar kwa mnzake wa kuntchito, ba Mwelwa, mayi wa ku Zambia amene anali nkhoswe ya kuchikazi. Nayenso unkhoswe anaupeza ngati mmene ndinaupezera ine. Uthenga umene ananditumizira unali waufupi: Felista sabwereranso, ndipo akufunafuna chipinda chakechake.

Apa nthabwala zinatha. Tarsizio anafika kwanga nkhope itagwa, ndevu zosameta.

"Achimwene, ndinkawafunira zabwino. Mphuno yaitali ndi ulemu wa Mulungu mwini."

"Ukanawafunira chamumtima. Tsopano mvera. Loweruka tipita ku Ongar. Wolankhula ndine. Iwe ntchito yako ndi kuyang'ana pansi. Ukangotchula Mheberi mmodzi yekha, ndikusiya komweko."

Kuchoka ku Clondalkin kupita ku Ongar ndi ulendo wopanda nzeru, umayamba walowa m'tauni kenako n'kutulukanso. Njira yonse ndinkamubwerezetsa mawu atatu okha: ndinalakwa, pepani, sindidzachitanso. Ankawanena bwino ndithu. Kungoti pakati pa "pepani" ndi "sindidzachitanso" milomo inkachita ngati ikufuna kulowetsapo Mose.

Ba Mwelwa anatitsegulira chitseko cha fulati yawo osamwetulira. Ndi mayi wamtali, wa mawu ngati belu la sukulu.

"Ba Luka, ngenani. Na imwe ba profesa, ngenani. Nsapato pa khomo."

Felista anali atakhala pampando wa pawindo, atavala chitenje pamwamba pa thirauzi, manja atapinda. Anandipatsa moni ine ndekha. Tinakhala pansi. Sanatipatse ngakhale madzi, ndipo ndinadziwa kuti mlandu ndi wolimba.

Ndinayamba monga amayambira akuluakulu. Ndinati banja ndi kupirirana, ndinati mano ndi lilime amalumana koma amakhala m'kamwa mmodzi, ndinati mnzathuyu walakwa ndipo wabwera yekha ndi miyendo yake. Ndinalankhula bwino, ngakhale ndikudziyamikira ndekha. Kenako ndinamugunda Tarsizio ndi chigongono.

"Ndinalakwa," anatero, maso ali pakapeti. "Pepani."

Ndinapuma.

"Kungoti mawu a Chiheberi akuti *af*, amene ndi mphuno, amatanthauzanso..."

Ndinamuponda phazi, koma poti nsapato zinali pakhomo, sizinamupweteke.

"Mwamvera?" anatero ba Mwelwa, akumenya m'manja. "Mwamvera mweka, ba Luka? Ni vamene ivi! Mukazi asebenza monga bulu, abwera ku nyumba, bamufaka ma peas pa mphuno. Ku church bamusebanya pa bantu bonse. Ba Felista, ine nakuuzani kudala, siyani chabe. Mwamuna alibe nchito, alibe nzeru, ali chabe na Chiheberi. Muzadya Chiheberi? Uyu ni katundu, si mwamuna."

Ine ndinakonzeka kumva za Balamu ndi bulu wake, chifukwa bulu anali atatchulidwa kale ndipo Tarsizio sakanalola mwayi woterowo kudutsa. Koma sanatero. Anangofota pampando paja, manja ali pakati pa mawondo.

"Akunena zoona," anatero chapansipansi.

Amene anadzuka ndi Felista. Abale, ine za Chiheberi sindizikhulupirira kwenikweni, koma mphuno ija ndinaiona ndi maso anga ikutukumuka.

"Ba Mwelwa, mwandisunga, ndikuthokoza. Koma katundu ndiye ayi. Munthu uyu wanyamula simenti m'mvula ya dziko lino mpaka mapewa anachita zipsera, ine ndikuphunzira. Wonyoza mwamuna ameneyu ndine ndekha, chifukwa ndi wanga."

Ba Mwelwa asanayankhe n'komwe, Felista anali atatembenukira kale kwa mwamuna wake.

"Ndipo inu! Munthu akukutchulani katundu, inu n'kumati akunena zoona? Zoona zake ziti? Chimene chimandipsetsa mtima ine n'chimenechi, a Tarsizio, si nsawawa ayi. Anakuchotsani ntchito, munabwera mukuimba mluzu. Ndikakalipa, mukuseka. Ndikakunyozani, mukuomba m'manja. Mwayeza mphuno za Dublin yense, za madalaivala, za ansembe, yanga mpaka kuipereka kwa Mulungu. Nanga yanuyo? Ndinu mtengo kodi? Ine ndatopa kupsa ndekha m'nyumba muja."

Tarsizio anakweza maso. Atayamba kulankhula, ndinamva dzina la Abambo Gerard, ndipo phazi langa linanyamuka lokha. Felista anandiletsa ndi dzanja.

"Lachitatu lapitali Abambo anandiitanira pambali," anatero Tarsizio. "Anandikalipira kaye za ku Misa zija. Kenako anati pali malo ena m'Baibulo pamene mawu aja amaima okha, popanda mphuno. Amangoti chinamutentha. Osanena kuti pati. Samueli chinamutentha Sauli atakanidwa ufumu, analira mpaka kunja kunacha. Yona chinamutentha mpaka anapempha imfa. Palibe mphuno pamenepo, palibe poika chala."

"Ndiye?"

"Ndiye changa n'chimenecho, Felista. Chilibe mphuno."

Mawu anayamba kutuluka moduladula.

"M'mawa mukamadzuka, ine ndimakhala ndili maso. Ndimamva mukusamba, mukuvala mumdima kuti musandidzutse, mukufunafuna makiyi. Ndimatseka maso dala. Ndimachita manyazi. Mwamuna wamtundu wanji wogona m'bulangete mkazi akupita kukagwira ntchito m'sinowo? Mukatseka chitseko chimanditentha, pano ponse, mpaka madzulo. Ndiye mukabwera mutakwiya, ndikanati ndiyankhe, ndikanalira. Bola ndiyankhule za mphuno."

Ndipo analiradi. Osati kulira kwa ulemu kwa azibambo pamaliro, kopukuta diso limodzi ndi chala. Kulira kwenikweni, kwa mapewa, pakamwa pali yasa. Ine ndinayang'ana kudenga, chifukwa nanenso m'maso munayamba kundiyabwa, ndipo nkhoswe siilira pamlandu. Ba Mwelwa anati akukaika ketulo pamoto, n'kuthawira kukhitchini.

Tsono mphuno ya mnzangayo, imene amati imayaka moto, inayamba kutuluka madzi. Mamina mbwe, mpaka pamlomo. Anafufuza m'matumba, munalibe kanthu. Ine ndinafufuza m'matumba a suti, ndinapeza tikiti ya basi yokha. Bambo wamkulu ndithu, wandevu zake, atakhala m'nyumba ya eni akukoka mamina.

Felista anamuyang'ana kanthawi. Mkwiyo unali usanathe, ndinkauona. Kenako anayandikira, anagwira nsonga ya chitenje chake, n'kumugwira nayo mphuno.

"Minani."

"Amayi, pali alendo..."

"Alendo ake ati? Minani."

Anamina. Phokoso lake ba Mwelwa anasuzumira kuchokera kukhitchini.

"Ku tchalitchi mukaimirira pomwe paja," anatero Felista, akupinda nsonga ya chitenje. "Mukapepesa m'Chichewa, aliyense amve."

"Ndikaimirira."

"Alamu, inu ndinu mboni."

"Ndamva, alamu," ndinatero.

Analowa kuchipinda. Tinamva zipi ya sutikesi ikulira. Tarsizio anandiyang'ana, maso ofiira, osadziwa ngati akulongedza kapena akumasula, ndipo inenso sindinkadziwa. Atatuluka anali atavala jekete, sutikesi akuikoka. Anaiimika patsogolo pa mwamuna wake, koma dzanja sanachotse pachogwirira.

"Lolemba ndikuyamba seveni," anatero. "Mudzuke. Ngakhale mulibe kopita, mudzuke, mundiperekeze pakhomo, munditsekere chitseko ndinu. Mukafuna kulira muzilira ndikuona, osati ndikapita."

"Ndidzuka."

Felista anachotsa dzanja, ndipo Tarsizio ananyamula sutikesi.